Amake Laban Sasiyidwa Pakhomo

Amake Laban ndinawadziwira m'sitolo ya zakudya ya pa msewu wa Lawrence, kuno ku Scarborough m'dziko la Canada, chaka chimene ndinafika kuchokera ku Nkhotakota. Mwana wanga Yahya anali atagwira paketi ya masiwiti n'kumakana kuisiya. Ndinawerama ndi kumunong'oneza kuti, "Siya iwe, ndikutsina."

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu okhuthala: "Mutsineni chabe, koma osati muno. Kuno amakuitanirani apolisi."

Nditacheuka ndinaona mayi wamfupi wa mapewa otambalala, atavala chivesiti chowala ngati cha anthu okonza misewu, m'khwapa atapanira chikwangwani chofiira choimitsira magalimoto. Miyezi yonse ija ndinali ndisanamve munthu wina akuyankhula chinenero chathu kupatula mwamuna wanga.

"Ndinu a kumudzi, amayi?" ndinafunsa.

"Wa ku Sinda, ku Zambia. Inu ndinu Amalawi, ndamvera kaopsezedwe ka mwanako. Ife timayamba tatsina, kuopseza pambuyo."

Dzina lawo ndi Mathilda Njobvu, koma limenelo ndi la azungu a kuntchito. Kwa ife ndi amake Laban. Anabadwa mu 1960 m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, mwana wachinayi wa mlimi wa mtedza. Anaphunzira zauphunzitsi, naphunzitsa pulayimale ku Katete, kenako ku Lusaka kumene anakwatiwa ndi a Conrad, kalaliki wa ku njanji. A Conrad atamwalira, mwana wawo Laban, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Markham, anawaitana kuti adzalere adzukulu awo, Ryan ndi Lewis. Anawalera mpaka anawo anafika pomayankha chilichonse m'Chingerezi maso ali pa foni. Pamenepo amake Laban anatopa.

"Ku Markham kulibe anthu, make Yahya," anandiuza tsiku lina. "Kuli magalaji. Munthu amatuluka m'nyumba ali kale m'galimoto. Ungafe pa sofa, oyandikana nawo n'kudzamva kwa a ambulansi."

Anasamukira ku Scarborough, m'kanyumba kawokawo m'nsanjika ina ya tsidya lina la Lawrence, napeza ntchito yowolotsa ana a sukulu pamsewu. Laban zinamuchititsa manyazi. Anati anthu a kutchalitchi aziti chiyani, mayi wa injiniya kumaima pa chipale ndi wezulo. Iwo anamuyankha kuti moyo wawo wonse akhala akukuwira ana a anthu ndipo ana sankamva, tsopano akukuwira magalimoto ndipo akumva, ndiye awasiye asangalale. Mpaka lero ali pomwepo, m'mawa ndi masana, bondo likuwawa kapena ayi.

Tinkangopatsana moni m'njira, nthawi zina kucheza pang'ono podikira basi. Sindinkadziwa kuti amandiyang'anira.

Kenako kunabwera Juni wa 2021. Amene munali kuno mukudziwa, koma a kumudzi mwina munangomvera patali. Mumzinda wa London, wa kuno ku Ontario osati wa ku Mangalande, banja lina la Chisilamu linatuluka madzulo kukawongola miyendo. Linaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti liwoloke. Mnyamata wina anakhotetsa pikapu yake mwadala n'kuwagunda chifukwa cha chipembedzo chawo. Anafa anthu anayi: gogo, bambo, mayi ndi mwana wawo wamkazi. Anatsala kamnyamata kokha.

Nkhaniyo ndinaiona pa foni ndikuyamwitsa Amna, mwana wanga wachiwiri. Chimene chinandilowa m'mutu si zithunzi ayi, koma zoti anaima kudikira kuti awoloke. Inenso ndinkaima choncho pa Lawrence tsiku ndi tsiku, nditavala hijabu, dzanja lina pa chikuku cha Amna, lina litagwira Yahya.

Sindinatulukenso. Poyamba ndinkati ndituluka mawa. Kenako ndinasiya ndi kunena komwe. Timakhala m'mwamba kwambiri, ndipo ndinkaima pazenera kumayang'ana mapikapu pansi, iyi yathamanga bwanji, iyo yayandikira bwanji kumene kumayenda anthu. Tsiku lina ndinavula hijabu n'kuvala chipewa cha mwamuna wanga kuti ndiyese kutuluka choncho. Nditadziona pagalasi ndinali ngati munthu wopita kokaba. Ndinakhala pansi m'bafamo mpaka Amna analira.

Mwamuna wanga, Abdulmajid, amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Brampton. Amachoka kusanache, amabwera atatheratu. Anapirira. Zogula ankagula yekha, zinyalala ankataya yekha, Yahya ankamutengera ku paki tsiku lake lopuma. Koma Lamlungu lina titatha kudya anandikhazika pansi.

"Mayi a Yahya, Seputembala mwanayu ayamba sukulu. Nthawi yolowa ana ine ndimakhala ndili kale ku Brampton. Azimupereka ndani?"

Ndinangoyang'ana mbale.

"Ngati zikukanika, ndikubukirani tikiti mupite kwa amayi ku Nkhotakota ndi anawa. Sindikukuthamangitsani, Mulungu akudziwa. Koma ana sangakulire pazenera."

Sananene mwaukali, ndipo zimenezo ndiye zinandiwawa. Ine ndinakula bambo anga ali ku Joni. Ndinkawadziwira pa foni ya amalume ndi pa nsapato zosakwana zimene ankatumiza. Ndinadziwa kuti ndikakwera ndege imeneyo, Yahya ndi Amna akulanso chimodzimodzi.

Mlungu womwewo wina anagogoda masana.

"Odi! Kodi muno mwafa anthu?"

Anali amake Laban, masiki kukamwa, kathumba kansalu kumanja. Sukulu zinali zotseka chifukwa cha korona, choncho analibe chochita, ndipo anati aona kuti pa Lawrence pasowa munthu. Kulowerana m'nyumba kunali koletsedwabe, ndiye ndinawatulutsira kampando m'kolido, ine n'kukhala pansi pakhomo. Anatulutsa mtedza wokazinga n'kupatsa Yahya. Anakamba za bondo lawo, za mpongozi wawo Cynthia amene amaphika nkhwani wopanda nsinjiro ati mafuta ake ndi oipa, za m'busa wawo amene amalalikira pa kompyuta kamera italoza m'mphuno. Za ku London sanatchule. Za ine kusatuluka sanafunse.

Kenako anadzuka nati, "Basi, ndapita."

"Zikomo kwambiri amayi, muyende bwino," ndinatero nditagwira chitseko.

Sanasunthe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kwanu ku Nkhotakota mlendo mumamusiya pakhomo ngati thumba la zinyalala?"

Kwathu mlendo sumutsanzikira pakhomo. Umamangira chitenje, umamulandira katundu wake, n'kumuperekeza mpaka pa mphambano, ndipo nkhani zenizeni zimatulukira m'njiramo. Ukamusiya pakhomo ndiye kuti mwayambana. Amayi anga akanamva kuti ndachita zimenezi kwa munthu wamkulu, akanandiimbira foni pa ndalama zawo.

"Pepani amayi, anawa..."

"Ana ali ndi miyendo. Winayo ali ndi msana wanu. Landirani kathumba aka, kakulemera."

Ndinabereka Amna, ndinalandira kathumbako, ndinawaperekeza mpaka pa lifiti. Pamenepo anandiyang'ananso, nati, "Amalawi ulemu unatha," chitseko cha lifiti n'kutsekeka.

Anabweranso patapita masiku ochepa, kathumba komweko. Ulendo umenewo ndinatsika nawo mpaka pansi, pa chitseko chagalasi cholowera m'nsanjika mwathu. Mphepo ya panja inandiomba kumaso. Ulendo wina tinafika pa mpanda wa pamalo oimika magalimoto. Sankandilimbikitsa, sankandiyamikira. Ankangoyenda patsogolo pang'ono akukamba nkhani imene sinkatha, ndipo munthu wamkulu akamakamba sungatembenuke n'kumusiya pakati pa chiganizo. Ndinazindikiranso kuti nthawi zonse iwo ankayenda mbali ya kumsewu, ine ndi ana mbali ya udzu.

Kathumba kaja kankalemera zedi. Tsiku lina ndinasuzumiramo. Munali zitini ziwiri zazikulu za matimati. Ulendo wotsatira ndinasuzumiranso. Zitini zomwezo, china chophwanyika m'mbali momwemo.

"Amayi, matimatiwa simuphika?"

"Amenewo ndi oyenda nawo," anatero osacheuka.

Mwezi wa Julayi usanathe tinafika pamalo okwerera basi, m'mbali mwenimweni mwa Lawrence. Ndinawapatsa kathumba kawo kuti ndithawe, iwo n'kudabwa.

"Manje inu mubwerera nokha ndi ana awiri? Ine ndine chinyama? Tiyeni ndikuperekezeni."

Anandiperekeza mpaka pa mpanda wathu. Pofika pamenepo ine ndinaona kuti sindingasiye munthu wa bondo lowawa kuti abwerere yekha ndi katundu, ndiye ndinalandiranso kathumba kaja. Tinabwerera ku basi. Iwo anandibwezanso. Tikudutsa kachitatu, galimoto ina inaliza hutala, ine n'kulumphira pa udzu. Anali Laban, atabwera kudzawatenga amayi ake kuti akagone ku Markham. Anatsitsa galasi.

"Mami, lowani chonde, ndapaka pamalo oletsedwa. Ndakuonani mukupita, mukubwera, mukupita. Mwataya chinachake?"

"Sukuona kuti akundiperekeza?"

"Ndani akuperekeza mnzake apa?"

"Iwe unaphunzira makompyuta chabe. Pereka moni kwa alamu ako."

Laban anandipatsa moni mwaulemu, Chinyanja chake chikupunthwa ndi Chingerezi. Ndinaseka tsiku limenelo, ndili panja, msewu uli pomwepo. Madzulo ndinamuuza Abdulmajid, ndipo anandiyang'ana ngati munthu amene akuopa kusangalala msanga.

Anali ndi chifukwa. Mu Ogasiti, tikuyenda chonchi cha kumasana, galimoto ina yaing'ono inachepetsa liwiro pafupi nafe. Munali anyamata. Wina anatulutsa mutu n'kukuwa mawu onyansa onena za mpango wanga, kenako anaponya kapu ya zakumwa. Inagwera pa tayala la chikuku, madzi ozizira n'kuthovukira pamapazi a Amna. Galimoto inathawa. Amake Laban anaithamangira pang'ono ndi bondo lawolo akutukwana m'Chinyanja, koma ine sindinadikire. Ndinanyamula Yahya m'khwapa ngati mtolo wa nkhuni, ndinakankha chikuku ndi dzanja limodzi, mpaka ndinapezeka ndili m'nyumba nditakhoma.

Zonse zija tinayenda zinafufutika. Ndinabwerera pazenera. Abdulmajid sananene zambiri. Anangoti Lachisanu akalandira abuka tikiti, kuti Yahya akayambe sukulu kumudzi pamodzi ndi anzake. Ndinavomera. Ndinayamba kupinda zovala za ana.

Lachinayi masana amake Laban anagogoda. Nthawi imeneyo kulowerana kunali kololedwa, koma iwo anali atazolowera kampando ka m'kolido, ankati ndi ofesi yawo. Ndinawapatsa tiyi. Anaona sutikesi ili pabalaza, sanafunse. Atatha tiyi anadzuka n'kunditambasulira kathumba kaja.

"Amayi, lero mundikhululukire," ndinatero. "Sindingathe. Ndipo ndikupita kumudzi."

"Chabwino," anatero. Anakhalanso pansi.

"Amayi?"

"Ndamva. Simungathe. Inenso sindingathe kuchoka pakhomo pa munthu ngati wakuba. Ndidikira."

Ndinaganiza kuti akuseka. Ndinalowa kukasintha Amna thewera, nditabwera anali pomwepo. Ndinapita kukaswali Asiri, pemphero lathu la chakumadzulo, nditabwera anali atavula nsapato, miyendo atatambasula pakati pa kolido. Mayi wina wa ku Philippines wa khomo loyandikana nafe anadutsa ndi dengu la zochapa, n'kuchita kulumpha miyendoyo. Bambo wina wa ku Jamaica anaima n'kuwafunsa m'Chingerezi ngati ali bwino. Iwo anayankha mokweza, m'Chingerezi chawo cha auphunzitsi, kuti ali bwino ndithu, akungodikira mwana wawo amene waiwala mwambo. Bamboyo anandiyang'ana. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

"Amayi, mukundichititsa manyazi."

"Eya. Khalani pansi apo, mukunditsekera mphepo."

Ndinakhala pakhomo, Amna pamiyendo. Anatulutsa mtedza nayamba kudya okha.

"Amalawi anu ndinawaona koyamba ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Mu 1972. A Mboni za Yehova, ife tinkati a Chitawala. Anakana kugula makhadi a chipani kwanuko. Anyamata a chipani anawaotchera nyumba, kuwamenya, zina sindingakambe pamaso pa mwanayu. Anawoloka malire unyinji, boma n'kuwaika pa msasa wa Sinda Misale. Munaphunzira zimenezi kusukulu?"

Ndinati pang'ono. Ndinkangodziwa zimene ankanena agogo anga, kuti nthawi imeneyo popanda khadi sunkalowa mumsika, ndipo mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agulirenso wa m'mimba.

"Pamsasapo madzi anali oipa. Ana ankafa. Tsiku lina kunabwera mayi wina kwathu kudzapempha madzi a pachitsime, dzina lake Elsie, wamng'ono ngati inu. Kumsana anali ndi mwana wotsegula m'mimba, maso atalowa. Amayi anga anati mwanayu ndi wa kuchipatala. Elsie anakana. Njira ya kuchipatala inkadutsa pamsika, ndipo pamsika pankakhala anyamata a chipani cha kwathu, amenenso sankafuna kuona a Chitawala. Elsie akangoona anyamata ataunjikana, miyendo inkafa. Monga mumachitira inu mukaona pikapu."

Sindinadziwe kuti zimenezo ankaziona.

"Amayi anga anali a mpingo wa Dachi enieni. A Chitawala ankati ndi anthu osochera, ndipo anamuuza Elsie pamaso pake, ali m'kati momupatsa phala. Atatha anamangira chitenje, anandisenza ine kamtolo ka Elsie, nati tiyeni timuperekeze mlendo. Pamsika anyamata anadzuka. Wina anati, mayi, muli ndi ndani uyo? Amayi anati, mlendo wanga, ndikumuperekeza. Kwanu simuperekeza alendo? Kenako anamuyang'anitsitsa nati, iwe si mwana wa aNaZulu iwe, amene ndinakuchotsa nthanga ya chimanga m'mphuno? Anzake anaseka. Ife tinadutsa."

"Mwanayo anachira?"

"Anachira. Ndinamuona akukwawa. Khirisimasi isanafike kunabwera malole, anawanyamula onse kuwabweza ku Malawi. Sitinamvenso. Ngati alipo, manje ndi bambo wa dazi."

"Amayi anu analibe mantha."

Anaseka mpaka anatsamwa mtedza. "Titafika kunyumba anathamangira kuchimbudzi, ndipo anakhalitsako. Atate anachita kukagogoda."

Yahya anali atatuluka n'kukhala pafupi nawo, akusewera ndi zingwe za nsapato zawo. Anamusisita mutu.

"Mu 2017, ataombera anthu mu mzikiti wa ku Quebec, a kutchalitchi kwathu tinapita ndi ena kukaima mozungulira mzikiti wina kuno, Lachisanu, kuti anthu apemphere mwamtendere. Kuzizira kwake, zala ndinachita kuzifufuza m'magolovesi. Zinali zabwino, ndinalira. Koma linali Lachisanu limodzi chabe. Msewu munthu amawoloka tsiku lililonse."

"Nanga akandigunda, amayi? Ndi anawa?"

Ndinkayembekezera kuti anena kuti Mulungu alipo, kapena kuti Canada ndi dziko la mtendere, monga ankanenera ena onse pa foni.

"Sindingakunamizeni," anatero. "Chikwangwani changa chija ndi pulasitiki. Munthu wamisala sichingamuimitse. Ine ndimangoima nacho pakati pa msewu, ndipo mpaka lero onse aima." Anayamba kuvala nsapato movutikira. "Manje tiyi wanu uja wafika. Mundiperekeza, kapena ndinyowetse kapeti ya azungu?"

"Chimbudzi chili umu, amayi, lowani."

"Ndikakodzera kwanga."

"Amayi..."

"Fulumirani, make Yahya. Ndine munthu wamkulu, sindisunga nthawi yaitali."

Ndinawayang'ana. Nkhope yawo inali yoti achitadi. Ndinaganiza za bambo wa ku Jamaica uja, za mayi wa zochapa, za zimene zikanamveka mu nsanjika monse, kuti Msilamu wa chitseko chakumapeto anasiya gogo wachikhristu kudzinyowetsera pakhomo pake. Mantha ndinali nawo, koma manyazi anakula kuposa. Ndinakonza hijabu yanga, ndinaika Amna m'chikuku, ndinalandira matimati aja.

Tsiku limenelo sitinaime pa mpanda, sitinaime pa basi. Ankayenda mothamanga ngati bondo lachira, akudandaula njira yonse, ine ndikuwatsatira. Tinafika pa maloboti a Lawrence. Tinaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti tiwoloke, chimodzimodzi monga ndinkaonera m'mutu mwanga miyezi yonse ija. Ndinayamba kunena duwa, pemphero lopempha Mulungu, chamumtima. Iwo ankaponda uku ndi uku akutukwana maloboti kuti akuchedwa. Kamunthu koyera ka pa maloboti kanayaka. Tinawoloka. Ndinawafikitsa pakhomo pawo penipeni, chinthu chimene woperekeza sachita, ndipo analowadi kuchimbudzi mothamanga, choncho sindinganene kuti zonse zinali zabodza.

Madzulo ndinamuuza Abdulmajid kuti tikiti ija ayambe wadikira sukulu itsegule.

"Mukutsimikiza? Mitengo ikwera."

"Dikirani. Ndikalephera tsiku loyamba, mubuke."

Masiku otsalawo amake Laban ankabwerabe, ndipo ndinkawaperekeza. Masiku ena zinkayenda, masiku ena ndinkabwerera pa mpanda. Sutikesi ija sindinaimasule.

Tsiku lotsegulira sukulu Abdulmajid anachoka kusanache monga mwa nthawi zonse. Pakhomo anaima ngati akufuna kunena kanthu, kenako anangoti foni yake ikhala yoyatsa. Ndinamuveka Yahya juzi yatsopano ndi kachikwama kamene kanamufika m'mawondo. Nthawi imeneyi panalibe mlendo woti ndimuperekeze, panalibe kathumba. Ndinatsika pa lifiti ndekha ndi ana anga, ndinatsegula chitseko chagalasi ndekha. M'njira munali azimayi ambiri ndi ana awo, a masari achimwenye, a mahijabu, a mabuluku othina, aliyense akukoka wake. Ndinalowa pakati pawo.

Sukulu ya Yahya ili kuseri kwa msewu wina wocheperako, koma wa magalimoto ambiri m'mawa. Pamenepo ndi pamene amaima amake Laban. Ndinawaonera patali, chivesiti chikuwala, wezulo pakamwa. Sanandipatse moni. Ali pantchito sadziwa munthu.

Titafika m'mbali mwa msewu, kumanzere kunatulukira pikapu yaikulu yakuda. Amake Laban analiza wezulo, anakweza chikwangwani, nalowa mumsewu ndi kamwendo kawo kotsimphina, molunjika kutsogolo kwake. Pikapu inachepetsa liwiro. Inaima. Injini inkangolira pamenepo, mphuno yake yotalika kufika pa phewa lawo.

Anthu onse anawoloka. Ine ndinatsala pomwepo. Yahya ankandikoka dzanja akunena m'Chingerezi chake cha pa TV kuti tichedwa. Ndinkayang'ana galasi la pikapuyo, koma dzuwa linkawala pamenepo, woyendetsa osaoneka.

Amake Laban anachotsa wezulo pakamwa, dzanja lili m'mwamba.

"Make Yahya, ndiima pano mpaka Khirisimasi? Bamboyu ali ndi ntchito. Mkono wanganso si wa boma."

Ndinakankha chikuku. Tayala linatsika mumsewu. Ndinayenda maso ali pa chivesiti chawo, ndipo nditafika pakati ndinacheukira kumanzere, sindikudziwa chifukwa chake. Anali mzungu wa ndevu, makwerero atamangirira kumbuyo, akuluma buledi. Anakweza zala ziwiri pa chiwongolero ngati moni. Ndinadutsa pafupi ndi amake Laban. Sanandiyang'ane, anangoti chapansipansi, "Mwanayo mwamuveka nsapato mopingasa."

Zinalidi mopingasa. Ndinamukonza tsidya linalo, ndikuseka ndi misozi yomwe. Yahya analowa pa geti osacheuka n'komwe. Aphunzitsi ake anandichedwetsa pang'ono, kundifunsa katchulidwe ka dzina lake ndi zakudya zimene sadya. Nditatuluka, belu linali litalira kale, azimayi aja atamwazikana.

Pamsewu paja panalibe munthu. Amake Laban anali ataweruka. Ndinawaona chapatali akukhota pa kona, chikwangwani m'khwapa, osayang'ana m'mbuyo. Ndikudziwa kuti ankadziwa kuti ndikadali m'kati.

Ndinaima m'mbali mwa msewu ndi Amna. Magalimoto ankadutsa. Ndinadina batani la magetsi owolokera, ndinatambasula dzanja monga amachitira anthu kuno. Galimoto yoyamba inaima, ya mbali inayo inaimanso. Ndinawoloka.

Sindinapite kunyumba. Ndinapitirira mpaka pa Lawrence, ndinakhala pa benchi ya pamalo okwerera basi, ndinatulutsa foni. Abdulmajid anayankha isanalire kawiri, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la makina.

"Zatheka? Yahya ali kuti?"

"Ali m'kalasi."

Basi inafika pomwepo, inapuma mpweya wake uja, chitseko n'kutseguka. Lole ina inadutsa ikuliza hutala.

"Phokoso limenelo ndi la chiyani? Muli kuti, mayi a Yahya?"

"Panja. Ndikupita kukagula nyama ya madzulo. Ija mumagula inu imakhala mafupa okhaokha."

"Ndani ali nanu?"

"Amna."

Ndinamumva akupumira m'mwamba, kenako akuuza mnzake wa kuntchito m'Chingerezi kuti amudikire pang'ono.

"Ndiye tikiti ija..."

"Isiyeni," ndinatero. Woyendetsa basi anali atanditsitsira kale poponda kuti chikuku chikwere, ndipo anthu ankandidikira.